Celiac ndi gastroparesis m'thupi limodzi: zochita mimba ikayambanso kuvuta

Ndili ndi mapepala awiri amene ndinapatsidwa kuchipatala m'zaka zosiyana. Loyamba ndi la matenda a celiac, amene tirigu amawononga matumbo a munthu. Limati ndisiyiretu tirigu, ndipo m'malo mwake ndizidya kwambiri nyemba, mtedza, mgaiwa, zipatso ndi masamba. Lachiwiri ndi la gastroparesis, matenda amene chifu chimachedwa kukankha chakudya, ndipo limati ndichepetse nyemba, mtedza, mgaiwa, zipatso zaulusi ndi masamba osaphika. Tsiku lina ndinawayala pa tebulo moyandikana, mtima n'kugwa, poti zinkaoneka ngati chimene chanditsalira ndi phala ndi madzi basi. Ngati nanunso muli ndi matenda awiriwa, kapena mukusamalira munthu amene ali nawo, mukudziwa mmene zimakhalira. Mumakhala bwino milungu ingapo, kenako mseru uja wabwerera, mimba yatupa ngati ng'oma, chakudya chamasana mwachisanza usiku, ndipo simukudziwa kuti walakwa ndani.

Chimene chinandithandiza ndi kuzindikira kuti mapepala awiriwa si olemera mofanana. Lamulo losiya gluten, puloteni ya mu tirigu, silisintha, kaya muli bwino kaya mwagonera pamphasa. Malamulo a gastroparesis amasintha ndi tsiku. Lero chifu chikhoza kulandira chipere, mawa n'kukana ngakhale dzira. Choncho pepala loyamba limakuuzani zimene siziloledwa kulowa m'kamwa, ndipo lachiwiri limakuuzani kaphikidwe, kuchuluka ndi kufewa kwa zimene zatsalazo.

Celiac ndi matenda a chitetezo cha m'thupi. Munthu akadya gluten, yemwe amapezeka mu tirigu, barele ndi rye, chitetezocho chimaukira khoma la matumbo aang'ono n'kuphwanya tinthu tonga tizala timene timayamwa chakudya. Pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 padziko lonse ali nawo. Gastroparesis ndi nkhani ya chifu. Njira yotulukira ndi yotseguka bwinobwino, koma minofu ndi mitsempha yake, makamaka mtsempha wa vagus, sizikankha chakudya mwachangu. Madokotala amatsimikiza pomudyetsa munthu chakudya chokhala ndi mankhwala ooneka pamakina, ndipo ngati patatha maola 4 m'chifu mwatsalabe chakudya choposa 10 peresenti, amati chifu chikuchedwa. Matenda awiriwa amakumana kawirikawiri mwa anthu a shuga wa mtundu woyamba, ndiponso celiac amene sanathandizidwe amatha kuchedwetsa chifu payekha. Mfundo yomalizayi ndi yopatsa chiyembekezo, chifukwa ena akasiya gluten kwenikweni kwa miyezi, chifu chimayambanso kuyenda bwinoko.

Zayambanso: choyamba yang'anani zimene mwasanzazo

Si nkhani yosangalatsa, koma masanzi amanena zambiri. Ngati mukuona mpunga kapena masamba amene munadya maola 5 kapena 6 apitawo akadali ooneka bwinobwino, ngati mumakhuta mutangodya mbamu zitatu, ngati kugeya kukubwera ndi fungo la chakudya chadzulo, kawirikawiri ndi chifu chimene chachedwa. Gluten nayenso amasanzitsa, nthawi zambiri pakangopita maola ochepa, koma amakonda kubwera ndi anzake: kutsegula m'mimba, kupotokola, kufooka kwa masiku angapo, mutu kulemera, zilonda za m'kamwa, ndipo kwa ena totupa toyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'mawondo.

Musadalire zizindikirozi kotheratu. Alipo anthu a celiac amene amadya gluten osamva kalikonse pamene matumbo akuwonongeka. N'chifukwa chake ine ndimasunga kabuku. Ndimalemba nthawi imene ndadya, chimene ndadya, amene waphika, kuchuluka kwake, mankhwala amene ndamwa, ndi nthawi imene mseru wayamba. Pakatha milungu iwiri kabukuko kamaonetsa zimene mutu sukanakumbukira. Kwa ine kanaulula kuti masiku ambiri ovuta ankatsatira chakudya chamadzulo chodyedwa mochedwa, ine n'kukagona pompo.

Kumene gluten amabisala

Buledi, masikono, mandasi, samusa, chapati, mabisiketi ndi supageti aliyense amazidziwa. Zimene zimatigwetsa ndi zina. Soseji nthawi zambiri amaikamo nyenyeswa za tirigu. Supu wa ufa wa m'mapaketi, timakyubu tokometsera ndiwo ndi zokometsera zimene zimabwera ndi nyama ya soya zimatha kukhala ndi ufa wa tirigu, choncho werengani paketi nthawi iliyonse, chifukwa opanga amasintha zosakaniza osalengeza. Sosi wa soya wamba amapangidwa ndi tirigu. Mowa wa m'mabotolo uli ndi chimera cha barele. Thobwa la chimera cha mawere, mapira kapena chimanga lilibe vuto, koma mahewu ena amawiritsidwa ndi ufa wa tirigu, ndiye funsani kaye. Chigumu ndi chikondamoyo ndi za ufa wa chimanga, komabe ena amathiramo ufa wa tirigu pang'ono kuti zifufume. Oats nthawi zambiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kufakitale, kupatula amene alembedwa kuti alibe gluten.

Kenako pali kukhudzana. Ndinadwalapo masiku 4 chifukwa cha chitumbuwa chimodzi. Ndinafunsa mayi wogulitsayo kuti, "Amayi, mwaikamo ufa wa tirigu?" Iwo anayankha moona mtima kuti ayi, ndi nthochi ndi ufa wa chimanga basi. Chimene sindinafunse n'chakuti mafutawo anali atakazingira chiyani m'mawa. Anali omwewo a mandasi. Chipisi cha pachiwaya n'chimodzimodzi ngati m'mafutamo mwadutsa nkhuku kapena nsomba yoviikidwa mu ufa. Kunyumba yang'anani sefa, mthiko, chipande, thabwa lodulirapo, ndi mpeni umene wina wapakira majarini pa buledi n'kuubwezera m'chitini. Khalani ndi sefa yanu, mthiko wanu ndi majarini anu. Kuchigayo funsani ngati amagayanso tirigu. Muyezo wa padziko lonse umati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Nyenyeswa zochepa za buledi zimatha kudutsa pamenepo.

Kwa akhristu, mkate wa Mgonero nawo ndi wa tirigu. Lankhulani ndi abusa kapena ansembe anu. Mu Mpingo wa Katolika mkatewo uyenera kukhala wa tirigu, koma amalola mkate wa gluten wochepa kwambiri, kapena kulandira chikho chokha chimene sichinakhudzane ndi mkate.

Ngati mwafufuza zonsezi koma mukukayikabe, pemphani kuyezetsa magazi kotchedwa tTG-IgA, kumene kumaonetsa ngati chitetezo cha m'thupi chikulimbanabe ndi gluten. Munthu akasiya gluten, nambalayo imayenera kutsika m'miyezi 6 mpaka 12. Ikakhala kuti sikutsika, ndiye kuti penapake gluten akulowabe. Ndipo inu amene mukungodziganizira kuti muli ndi celiac, musasiye tirigu musanayezedwe, chifukwa magazi ndi kachidutswa ka matumbo kamene amatenga ndi paipi yoonera m'mimba zimatha kuoneka zabwinobwino. Kuyezetsako n'kofunika kwambiri kwathu kuno, kumene tizilombo ta m'matumbo monga giardia, chifuwa chachikulu ndi HIV zimabweretsa kuwonda ndi kutsegula m'mimba kofanana ndi kwa celiac. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amaunika m'mimba ndi paipi imeneyi.

Gluten simunamupeze: yang'anani mafuta, ulusi ndi kukula kwa mbale

Apa m'pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa masiku ambiri ovuta amachokera pano. Mafuta amachedwetsa chifu mwa munthu aliyense, ndiye mwa ife zimachita kunyanya. Ulusi wolimba wa m'zomera, makoko ndi nthanga sizisungunuka, ndipo chifu chofooka chimalephera kuzipera. Zikaunjikana zimatha kupanga chibuma cholimba chimene madokotala amati bezoar, chomwe chimatseka njira.

Anzathu a kunja amavutika kusaka chakudya chopanda gluten, koma ife tinabadwira pa chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata, mapira ndi mawere, ndipo zonsezi zilibe gluten. Vuto lathu ndi kaphikidwe. Tengani nsima. Ya ufa woyera ilibe gaga wambiri, choncho kwa chifu chochedwa imaposa ya mgaiwa, ngakhale kuti a zaumoyo amalimbikitsa mgaiwa kwa anthu ena onse. Komabe nsima yolimba ndi katundu wolemera, ndipo chizolowezi chathu chomeza mbamu osatafuna chimawonjezera ntchito. Ine ndimaphika yofewa, ndimadya theka la mtanda, ndimaiviika mu msuzi wambiri, ndipo ndimatafuna mpaka isanduke ngati phala m'kamwa. Kondowole ndinamusiya, amandikhalira m'mimba mpaka mawa lake. Kwa inu zikhoza kusiyana, kabuku kadzakuuzani.

Nyemba zamakoko zimandivuta, koma chipere chochepa, chochotsa makoko onse ndi kupota mpaka chisalale, ndimachitha tsiku labwino. Agogo athu ankaphika chipere osadziwa kuti akuphikira anthu ngati ife. Masamba musawasiye onse. Nkhwani wanthete wosadzula bwino, wophika mpaka kufewa, wosinja kapena wogaya, amadutsa bwino kuposa kabichi kapena repu wokazinga. Nsinjiro ili ndi mafuta, ndiye ikani kasupuni kamodzi m'malo mwa chikho. Maungu, mbatata ndi kachewere zosenda ndi kuphika, nthochi yakupsa, papaya wofewa, zonsezi ndi abwenzi. Tomato msendeni, muchotse nthanga. Magwafa, chinanazi, makoko a m'kati mwa lalanje, mango aulusi, chimanga chootcha, mbuliwuli ndi mtedza wokazinga ndi zimene ndimazipewa kwambiri. Mango ndimawafinya ndi kusefa, ndimwe madzi ake okha.

Pa ndiwo zomanga thupi, dzira lofwafwaza, chambo chophika m'madzi, nkhuku yochotsa khungu ndi nyama yogaya yopanda mafuta zimayenda bwino kuposa kanyenya ndi nyama ya mitsempha. Usipa ndimauphika mpaka ufewe kenako n'kuusinja mu msuzi.

Chenjerani ndi buledi ndi mabisiketi olembedwa kuti alibe gluten amene amagulitsidwa m'masitolo akuluakulu. Kwa celiac ndi otetezeka, koma kuti agwirane popanda gluten opanga amawonjezera mafuta, nthanga ndi ulusi wa psyllium. Mukhoza kulipira ndalama zambiri n'kugula mseru.

Kukula kwa mbale n'kofunika ngati zimene zili m'mbalemo. M'malo modya kawiri kapena katatu mokhuta, idyani ka 5 kapena ka 6 pang'onopang'ono. Ambiri timapeza kuti chifu chimagwira bwino m'mawa ndipo chimatopa madzulo, choncho zolimba zidyeni kum'mawa ndi masana, madzulo kukhale phala kapena supu. Mukadya musagone, khalani tsonga ola limodzi kapena awiri, ndipo ngati mphamvu zilipo yendani pang'ono pabwalo. Madzi imwani pang'onopang'ono tsiku lonse, osati chikho chodzaza pamodzi ndi chakudya. Zakumwa za gasi, mowa ndi fodya zisiyeni.

Tsiku limene chilichonse chikubwerera

Musalimbane ndi nsima tsiku lotere. Zamadzimadzi zimatuluka m'chifu mosavuta ngakhale pamene zolimba zakanika, ndiye bwererani m'mbuyo. Yambani ndi Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, kumwa kasupuni kapena kakamwa kamodzi mphindi zingapo zilizonse. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Zikakhazikika, onjezerani msuzi wa nkhuku woyengula mafuta, madzi a mpunga, kenako phala lamadzimadzi la ufa woyera kapena la mpunga losefa. Tsiku lotsatira mukhoza kumenyeramo dzira pophika, kapena kuthiramo mkaka. Kenako zophwanya monga maungu ndi kachewere, ndipo nsima yofewa ibwere pomalizira. Kudumpha sitepe n'kumene kumandibwezera poyambira nthawi zonse.

Apa mpamenenso gluten amalowera mosavuta. Munthu ukafooka, achibale amathamangira supu wa m'paketi, bisiketi youma kapena buledi woviika mu tiyi, poti ndi zimene timapatsa odwala. Amachita chifukwa cha chikondi. Auzeni mukadali bwino, ndipo lembani pa pepala zakudya za tsiku lovuta n'kumata kukhitchini.

Mkaka ukakutupitsani, musafulumire kuganiza kuti wakukanani moyo wonse. Matumbo ovulazidwa ndi celiac amalephera kugaya shuga wa mu mkaka, ndipo izi nthawi zambiri zimatha matumbo akachira. Chambiko ndi yogati sizivuta kwambiri ngati mkaka wamadzi. Mukasanza, tsukuluzani m'kamwa ndi madzi, koma dikirani theka la ola musanatsuke mano, chifukwa asidi amakhala atafewetsa kunja kwa mano.

Mwina ndi mankhwala, mwina ndi shuga

Ngati zakudya sizinasinthe koma mimba yasintha, tsegulani kathumba ka mankhwala. Codeine, tramadol ndi morphine amachedwetsa chifu kwambiri. Amitriptyline ndi hyoscine, amene ambiri amagula akamva kupotokola, nawonso amachedwetsa. Majakisoni atsopano a shuga ndi ochepetsa thupi monga semaglutide ndi liraglutide amagwira ntchito mwa njira yomweyo yochedwetsa chifu. Musasiye nokha mankhwala amene dokotala anakulemberani, koma pitani nawo mukamuonetse. Mapiritsi ambiri amawumbidwa ndi sitachi ya chimanga, ochepa ndi ya tirigu, ndiye funsani wa ku famase ayang'ane kapepala ka m'bokosi.

Mankhwala othandiza chifu kukankha alipo, koma aliwonse ali ndi kuipa kwake. Metoclopramide akamwedwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa kugwedezeka kwa milomo, lilime ndi nkhope kumene nthawi zina sikutha. Ku America anaika chenjezo lalikulu mu 2009 loti asapitirire milungu 12, ndipo ku Ulaya mu 2013 anachepetsa mpaka masiku 5. Mukaona nkhope ikugwedezeka yokha kapena khosi likuuma, lekani kumwa ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Domperidone amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, choncho ndi bwino kuyezetsa mtima kaye. Erythromycin amathandiza, koma mphamvu yake pa chifu imachepa pakapita milungu yochepa. Ndimadandaula ndikaona anthu akungogula mapiritsi a mseru mwezi ndi mwezi popanda wowaunika.

Kwa amene muli ndi shuga, pali msampha wina. Shuga akakwera kwambiri, chifu chimachedwa kwambiri. Ndiponso mukabaya insulin musanadye, iye amayamba ntchito chakudya chikadali m'chifu, shuga n'kutsika, kenako pakapita maola chakudya chija chikafika m'matumbo shuga amakwera. Mukaona zimenezi m'kabuku, kambiranani ndi dokotala za nthawi yobayira. Shuga akatsika, mukwezeni ndi madzi a shuga kapena juwisi, osati bisiketi. Phala la ufa woyera limakweza shuga msanga, choncho yezani pafupipafupi masiku a zamadzimadzi. Ndipo ngakhale mukusanza, musasiye insulin wa tsiku lonse osafunsa. Pemphaninso kuyezetsa chithokomiro, chifukwa matenda ake amayenda limodzi ndi celiac ndipo chikafooka chimachedwetsa mimba yonse.

Kuwonda, kufooka ndi kudzimbidwa

Celiac amalepheretsa kuyamwa, gastroparesis amalepheretsa kudya, ndiye thupi limamenyedwa mbali ziwiri. Zimene zimaperewera kawirikawiri ndi ayironi, folate, vitamini B12, vitamini D ndi kashiamu. Kupuma movutikira pokwera chitunda, kuyera m'manja, dzanzi m'mapazi ndi kuthothoka tsitsi ndi zifukwa zokwanira zoti mupemphe kuyezetsa magazi. Mapiritsi a ayironi amabweretsa mseru ndi kudzimbidwa. Uzani dokotala m'malo mongowataya, chifukwa ulipo wamadzi, ulipo wa m'dripi, ndipo ena amamwa tsiku lina n'kudumpha lina. Dziyezeni pa sikelo kamodzi pa mlungu. Mukamatsika, njira ndi kuwonjezera mphamvu m'zakumwa, popeza mafuta ochepa osungunuka m'phala kapena mu mkaka chifu chimawalandira bwino kuposa a m'zokazinga. Kwa akuluakulu, matumbo amatha kutenga zaka ziwiri kapena kuposa kuti achire, choncho musataye mtima pa mwezi wachitatu.

Kudzimbidwa kumabwera chifukwa mwachepetsa ulusi. Musakuthetse ndi gaga kapena ufa wa psyllium. Madzi, kuyenda, papaya ndi masamba ogaya zimathandiza, ndipo zikakanika dokotala akhoza kukulemberani mankhwala ofewetsa monga macrogol.

Pamene simuyenera kudikira

Pitani kuchipatala mwamsanga ngati mwasanza magazi kapena zakuda ngati khofi, ngati chimbudzi chada ngati phula, ngati mimba ikupweteka kwambiri mosalekeza kapena yauma gwa, ngati tsiku lathunthu latha madzi osakhazikika, ngati mkodzo wachepa kwambiri kapena mukuchita chizungulire mukaimirira. Wa shuga amene akusanza ndipo shuga wakwera, akupuma mozama kapena akusokonezeka, asagone kunyumba usiku umenewo. Mukafika, nenani matenda onse awiri, ndipo wokudikirirani adziwe kuti buledi ndi tiyi wa m'mawa wa m'wodi si zanu.

Zotsala ndi za anthu. Pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa maliro, kukana chakudya kumaoneka ngati mwano, ndipo mawu akuti "idyani pang'ono chabe, sizingakupheni" ndawamva kosawerengeka. Ndimadya kunyumba ndisananyamuke, ndimatenga fulasiki ya phala, ndipo ndikafika ndimapita kukhitchini kukapereka moni kwa amene akuphika. Ndimawauza kuti, "Azakhali, adokotala anandiletsa tirigu ngakhale kanyenyeswa, ndipo mimba yanga imalandira zochepa. Mundipatseko kampunga koyera ndi msuzi umene simunaikemo supu wa m'paketi." Nthawi zambiri amanditengera mpunga pamwamba pa poto ndi chipande chotsuka, n'kundipatsa mpando pafupi ndi khomo kuti ndikhale tsonga mpaka chakudya chitsike.